Mukapita pa atachimenti ku magazini ya zanjinga

Chakumapeto kwa 1902 nyuzipepala ya ku France yotchedwa L'Auto inkavutika kupeza oigula. Mtolankhani wake wachinyamata, Géo Lefèvre, anapereka maganizo kwa mkonzi Henri Desgrange oti akonze mpikisano wa njinga wozungulira dziko lonselo, kuti anthu azigula nyuzipepalayo m'mawa uliwonse pofuna kudziwa amene akutsogola. Tour de France inabadwa choncho mu 1903. Ku Italy nako La Gazzetta dello Sport inayambitsa Giro d'Italia mu 1909, ndipo mpaka lero wotsogola mumpikisanowo amavala jezi yapinki, mtundu wa pepala la nyuzipepalayo.

Masewerawa anakulira m'manja mwa atolankhani, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Wopita kukaonera mpira amakhala pabwalo mphindi 90 n'kudzionera yekha zonse. Woonera njinga amaima m'mbali mwa msewu maola atatu, kenaka gulu la opalasa n'kudutsa, vuu, basi zatha. Zotsalazo amazimva kwa olemba. N'chifukwa chake owerenga magazini a zanjinga salekerera cholakwa. Amadziwa mayina, zaka, masekondi ndi mano a giya, ndipo mukaphonya amalembera mkonzi tsiku lomwelo. Wophunzira ntchito amene wazindikira msanga zimenezi ndi amene amapatsidwa nkhani yaikulu miyezi yake isanathe. Malangizo otsatirawa ndawaika m'ndondomeko ya mmene zinthu zimabwerera.

Choyamba, sankhani magazini ndipo muiwerenge mpaka muidziwe

Magazini a zanjinga si ofanana. Cycling Weekly ya ku Britain, imene inayamba mu 1891 ikutchedwa Cycling, imakonda nkhani zofulumira, zotsatira za mipikisano ndi kuyesa katundu. Rouleur, ya ku London, inayamba mu 2006 ndipo imadziwika ndi nkhani zazitali ndi zithunzi zazikulu. Cyclist inabwera mu 2012 ndi nkhani za maulendo apanjinga ndi njinga zatsopano. Ku South Africa kuli Bicycling, pomwe Cyclingnews yakhala pa intaneti kuyambira mu 1995. Kalata imene ingakondweretse mkonzi wa imodzi ikhoza kutayidwa ndi wa inzake.

Pezani makope 6 aposachedwa, kapena nkhani za mwezi wathunthu ngati ili ya pa intaneti, mukhale nawo pansi ndi cholembera. Lembani zigawo zimene zimabwera nthawi zonse, kutalika kwa nkhani za m'chigawo chilichonse, ndi mayina a ozilemba. Muone ngati mtunda amauwerenga m'makilomita kapena m'mamailosi, komanso ndi nkhani ziti zimene sanazikhudze chaka chonse. Tsamba lokhala ndi mayina a ogwira ntchito muliwerenge bwino. Mudzadabwa kuona kuti anthu ake ndi ochepa, mwina osapitirira 10, kutanthauza kuti ntchito yoti mlendo agwire ilipo yambiri.

Chachiwiri, kalata yofunsira malo

Ikhale yaifupi, yolembera munthu weniweni pomutchula dzina, osati "kwa amene zikumukhudza". Munene kuti ndinu ndani, mukufuna kubwera liti ndiponso kwa masabata angati, ndi nkhani imodzi ya m'magazini yawo imene inakugwirani mtima pamodzi ndi chifukwa chake. Musawononge mizere ponena kuti mumakonda njinga kuyambira muli mwana. Aliyense wofunsira malowo amatero.

Chimene chimatsegula khomo ndi zolemba zanu. Tumizani zitatu: lipoti la mpikisano la mawu 300, kucheza ndi munthu, ndi nkhani yofotokoza chinthu chimene mwachigwiritsa ntchito nokha kwa nthawi, ngakhale itakhala pampu kapena loko wa njinga. Ngati simunasindikizepo kanthu, onerani gawo limodzi, kutanthauza ulendo wa tsiku limodzi, la mpikisano uliwonse wa masiku ambiri, mulembe lipoti lake pasanathe ola, n'kulemba pansi pake nthawi imene munayamba ndi imene munamaliza. Mkonzi amafuna kudziwa ngati mungalembe zoona wotchi ikukuthamangitsani. Pakatha masabata awiri muli duu osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenaka yesani kwina.

Chachitatu, kambiranani za ndalama ndi mapepala musananyamuke

Apa ambiri amachita manyazi, n'kudzalira ali kale kutali ndi kwawo. Funsani mosabisa: kodi pali malipiro, thiransipoti ya ku mipikisano alipira ndani, maola ndi angati, ndipo njinga yoyesa ikawonongeka kapena kubedwa ili m'manja mwanu mlandu ndi wa yani. Mayankho akhale olembedwa. Ku Britain lamulo limati munthu wogwira ntchito yeniyeni, wokhala ndi maola oikika, alipidwe ndalama zosachepera mlingo umene boma linakhazikitsa, ngakhale atamutcha wophunzira. Amene lamuloli limawapatula ndi monga ophunzira a m'makoleji a komweko amene atachimentiyo ndi mbali ya kosi yawo ndipo siipitirira chaka. Dziwaninso kuti viza ya mlendo wongocheza ku Britain siilola kugwira ntchito, yolipidwa kapena yosalipidwa.

Amene ali ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kapena Johannesburg ali ndi mwayi wina wosadziwika kwenikweni. M'miyezi ya mipikisano ikuluikulu, nthawi ya kwathu imafanana ndendende ndi ya ku France, Italy ndi Spain. Gawo la Tour de France likamatha cha m'ma 5 koloko madzulo kumeneko, kwathunso ndi 5 koloko. Ngati magaziniyo imalola kugwirira kutali, tchulani zimenezi m'kalata yanu. Koma mukonzekeretu bandulo yokwanira ndi batire lapadera, chifukwa magetsi akathima makilomita 5 omaliza, palibe amene adzakudikireni.

Chachinayi, sabata yoyamba

Tsiku loyamba pemphani zinthu ziwiri. China ndi kabuku ka malamulo a kalembedwe ka magaziniyo, kamene kamanena mmene amalembera manambala, mayina a matimu ndi mawu achilendo. Chinacho ndi chithunzi cha masamba onse a kope likubweralo, chimene amachitcha flatplan, choonetsa nkhani iti ili patsamba liti ndiponso malonda ali pati. Masamba a magazini amayenda anayianayi chifukwa cha mmene pepala limapindidwira, choncho nkhani yanu ikatalika sangangowonjezera tsamba limodzi. Akakuuzani mawu 400, ndi 400 amenewo.

M'maofesi ambiri a kunjaku mkonzi amaitanidwa ndi dzina lake loyamba. Kwa ife oleredwa kunena kuti "bwana" kapena "akonzi" zimalemera pakamwa masiku oyamba, koma tsatirani mwambo wa pamalopo. Ulemu wanu adzauona pa kusunga nthawi.

Mulowezenso kalendala, chifukwa ofesi yonse imapuma ndi kuthamanga motsata iyo. Febuluwale kuli Tour du Rwanda. Malichi kuli Milan-San Remo, ndipo ku South Africa kuli Cape Town Cycle Tour ndi Cape Epic. Epulo ndi mwezi wa Tour of Flanders, Paris-Roubaix ndi Liège-Bastogne-Liège. Meyi ndi wa Giro, Julayi wa Tour de France, Vuelta a España imayamba mu Ogasiti, ndipo Il Lombardia imatseka mipikisano ikuluikulu mu Okutobala. Musapemphe tchuthi mu Julayi.

Chachisanu, kutsimikiza mfundo

Iyi ndiyo ntchito imene mudzapatsidwe kwambiri, ndipo ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Adzakupatsani nkhani ya wolemba wina, mwina wotchuka amene mwakhala mukumuwerenga zaka zambiri, n'kukuuzani kuti muione. Sindikizani papepala. Dulani mzere kunsi kwa dzina lililonse, chaka chilichonse, nambala iliyonse, ndi mawu aliwonse onena kuti "woyamba", "yekhayo" kapena "kuposa onse". Chilichonse mwa izi chipezereni umboni m'malo awiri osadalirana. Zotsatira za mipikisano zimapezeka pa tsamba la UCI, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, pa la okonza mpikisanowo, komanso pa masamba a intaneti a ProCyclingStats ndi FirstCycling.

Mawu akuti "woyamba" ndi mbuna yeniyeni. Biniam Girmay wa ku Eritrea atapambana gawo lachitatu la Tour de France ku Turin mu 2024, kunali kosavuta kulemba kuti ndi munthu woyamba wa ku Africa kupambana gawo la mpikisanowu. Sizoona. Robbie Hunter wa ku South Africa anapambana gawo ku Montpellier mu 2007, ndipo Daryl Impey anapambana lake mu 2019. Girmay ndi munthu wakuda wa ku Africa woyamba kutero, ndipo chaka chomwecho anapambana magawo atatu n'kutenga jezi yobiriwira, ya wopeza mapointi ambiri. Kusiyana kwake ndi mawu amodzi okha, koma mukawasiya mwafufuta mbiri ya anthu ena, ndipo mwalepheranso kunena chimene chinapangitsa tsikulo kukhala lalikulu.

Chris Froome anabadwira ku Nairobi ndipo poyamba ankapalasira Kenya, koma Tour de France ya 2013, 2015, 2016 ndi 2017 anaipambana akuimira Britain. Lance Armstrong anamaliza Tour ali pa nambala wani kasanu ndi kawiri, kuyambira 1999 mpaka 2005, koma mu 2012 analandidwa zonse chifukwa cha mankhwala oletsedwa, ndipo zaka zimenezo zinasiyidwa zopanda wopambana. Ndiye wolemba akamutcha wopambana Tour kasanu ndi kawiri popanda kufotokoza, ikani chizindikiro m'mbali.

Mayina a matimu amasintha ndi makampani owathandiza. Timu ya ku South Africa imene Daniel Teklehaimanot anavalira jezi ya madontho ofiira, ya katswiri wa mapiri, mu Tour ya 2015 inkatchedwa MTN-Qhubeka. Chaka chotsatira inali Dimension Data, mu 2020 inali NTT. Jumbo-Visma inasanduka Visma-Lease a Bike mu 2024. Lamulo lake ndi lakuti timu muitchule ndi dzina limene inali nalo pa tsiku la nkhaniyo. Ine ndinagwa pomwepa m'sabata yanga yachiwiri. Pansi pa chithunzi chakale ndinalemba dzina latsopano la timu, pamene dzina lakale linali kuoneka poyera pachifuwa cha wopalasayo. Wokonza masamba anachigwira chisanapite kosindikiza, n'kundiitana kuti tione limodzi chithunzicho. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndawerenga jezi ndisanalembe kanthu.

Mayina a anthu nawo ali ndi timisampha tawo. Katswiri wa ku Slovenia Tadej Pogačar ali ndi kachizindikiro pamwamba pa c, ndipo kukasiya n'kulemba dzina la munthu molakwika. Mathieu van der Poel ndi wa ku Netherlands, Wout van Aert ndi wa ku Belgium, ndipo kabuku ka malamulo kaja ndi kamene kadzakuuzeni ngati "van" ayambe ndi chilembo chachikulu dzina loyamba likasiyidwa. Ife amene mayina athu amapotozedwa kunja tikuudziwa ululu wake, tisawachitire anzathu.

Masamu muwawerengerenso nokha. Gawo la makilomita 180 lotha m'maola 4 ndi mphindi 30 liwiro lake ndi makilomita 40 pa ola. Wopupuluma akalemba 4.30 pa kakyuleta m'malo mwa 4.5 amapeza pafupifupi 42, ndipo owerenga amaona. Mailo imodzi ndi makilomita 1.609. Chitunda cha 10 peresenti ndi chokwera mamita 10 pa mamita 100 alionse. Ndiponso wopambana gawo si amene akutsogola mpikisano wonse: jezi yachikasu, imene inayamba kuvalidwa mu 1919, imapita kwa amene nthawi yake yonse ikaphatikizidwa ndi yochepa, ngakhale asanapambanepo gawo lililonse.

Mukapeza cholakwa musachikonze mwakachetechete. Pitani kwa mkonzi kapena wolembayo ndi umboni m'manja, munene kuti, "Pandime yachitatu ndapeza chaka chosiyana ndi chimene chili pa zotsatira za UCI, mungaoneko?" Nthawi zina wolakwa mudzakhala inu, chifukwa iye analipo pa tsikulo ndipo akudziwa chimene tsamba la intaneti linaphonya. Ngakhale zitero mwaphunzirapo, ndipo iye waona kuti munawerenga ndi maso onse awiri. Pajatu safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi, zithunzi

Chithunzi chosindikiza chimafuna madontho 300 pa inchi. Chodzaza tsamba la A4 chimafunika mapikiselo pafupifupi 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, kuwonjezapo mamilimita 3 m'mbali zonse amene makina odulira amadya. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa, chimaoneka bwino pafoni koma papepala chimatuluka mbuu. Pemphani choyambirira kwa wojambula. Chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo kuchitenga pa Instagram popanda chilolezo kukhoza kulipitsa magaziniyo ndalama zambiri. Pansi pa chithunzi lembani ndani, kuti, liti, kuyambira kumanzere kupita kumanja, ndipo dzina la wojambula lisasowe. Mukakayika nkhope, onani nambala ya pamsana kapena ya pa fulemu n'kuiyerekeza ndi mndandanda wa oyamba mpikisanowo.

Chachisanu ndi chiwiri, njinga zoyesa

Makampani amatumiza njinga, matayala, nsapato ndi zipewa kuti magazini iziyese. Kulandira, kumanga, kuyeza ndi kubweza katunduyu nthawi zambiri kumagwera wophunzira ntchito. Njinga imodzi ya mtundu umenewu ikhoza kuposa mtengo wa galimoto yakale, ndiye muitenge ngati khanda la eni.

Bokosi likafika, lijambuleni musanalitsegule, ndipo mujambulenso njingayo mbali zonse, makamaka pamene pakalika. Lembani m'kaundula tsiku lofika, nambala ya fulemu ndi tsiku loyenera kubwerera. Bokosilo ndi zotchingira zake musataye. Pomanga, mabawuti a pa mahandulo ndi pa chishalo amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, chifukwa pambali pake pamalembedwa mlingo, kawirikawiri 5 Nm kapena pafupi pamenepo. Fulemu ya kaboni si ya chitsulo ngati njinga zimene tinakulira. Mukakoka bawuti ndi mphamvu zonse za mkono imang'aluka mkati, posaoneka, n'kudzathyoka munthu ali pa liwiro.

Musanakwere, gwirani mabuleki muone mbali yake. Ku Britain buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, pamene ku France ndi ku America imakhala kumanzere. Njinga yoyesa imabwera mmene anaimangira kumene yachokera, ndipo potsika phiri si nthawi yodziwira zimenezi.

Yezani nokha kulemera kwake pa sikelo, n'kulemba saizi ya fulemu komanso ngati mapedulo analipo. Nambala ya m'kabuku ka kampani nthawi zambiri imakhala ya saizi yaing'ono yopanda mapedulo. UCI siilola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8 mumpikisano, ndiye owerenga amayerekeza chilichonse ndi nambala imeneyo. Magiya muwamvetse kuti muthe kuwafotokoza. Akalemba 50/34 akunena mano a magiya awiri a kutsogolo, ndipo 11-34 ndi laling'ono ndi lalikulu la kumbuyo. Tayala la 700x28 limayenda mamita pafupifupi 2.1 likazungulira kamodzi. Tcheni chikakhala pa 50 kutsogolo ndi 11 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumakupititsani mamita oposa 9. Chikakhala pa 34 ndi 34 mumayenda mamita 2.1 okha, koma chitunda mumachikwera muli pa chishalo. Zida zimenezi zimapangidwa kwambiri ndi Shimano ya ku Japan, SRAM ya ku America ndi Campagnolo ya ku Italy, ndipo mayina a magulu a zida zawo muwadziwe ngati mayina a abale anu.

Katundu wina amafika asanalengezedwe, ali ndi tsiku ndi ola limene nkhani yake ingatuluke. Chiletso chimenechi amachitcha embargo. Musaike chithunzi chake pa sitetasi, ndipo mukakwera njinga yotero musalembe dzina lake pa Strava, pulogalamu ya pafoni imene opalasa amaonetserapo maulendo awo, musaimenso nayo pamalo odzaza opalasa anzanu. Kampani ikapsa mtima imasiya kutumiza katundu ku magaziniyo, ndipo chaka chamawa wophunzira wina sadzapeza malo.

Pali china chimene chimandivuta mumtima pa mbali imeneyi. Makampani amene katundu wawo akuyesedwa ndi omwewonso amagula masamba a malonda. Mudzamva kukoka kwake ngakhale popanda wokuuzani kanthu. Inu lembani chimene mwachipeza: ngati chishalo chinakupwetekani patatha maola awiri, nenani, ndipo munenenso kulemera kwanu, msewu umene munayendamo ndi mpweya umene munapopa, kuti wowerenga aweruze yekha. Munthu amene wasunga ndalama chaka chathunthu kuti agule njingayo akudalira inu. Mphatso ya kampani, ngakhale masokosi, muuze mkonzi musanalandire.

Chachisanu ndi chitatu, tsiku la mpikisano

Chiphaso cha atolankhani chimapemphedwa masabata angapo mpikisano usanachitike, kudzera kwa mkonzi. Usiku wake werengani buku la njira limene okonza amapereka: poyambira, zitunda, pothera, misewu yotsekedwa ndi nthawi yake. Ku Cape Town Cycle Tour, mpikisano wa makilomita 109 umene unayamba mu 1978, mukasankha kukaima ku Chapman's Peak kapena pa chitunda cha Suikerbossie, dziwani kuti kubwerera mumzinda msanga n'kovuta misewu ili yotseka. Mphepo ya kumeneko si yamasewera: mu 2017 mpikisanowu unalephereka tsiku lomwelo. Khalani ndi nkhani ina m'thumba ya tsiku lotero.

Mpikisano uli mkati lembani zochitika pamodzi ndi makilomita otsala: amene athawa kutsogolo ndi angati, asiya gulu lalikulu, la peloton, ndi mphindi zingati, wagwa ndani ndipo pati. Lipoti muliyambe mpikisano usanathe, mbali ya pakati ikhale yokonzeka, kuti akangodutsa mzere mungolemba ndime yoyamba. Ndime imeneyo inene wopambana, timu yake, malo ndi mmene wapambanira. Zotsatira musatumize zisanatsimikizidwe ndi oweruza, chifukwa wodutsa mzere woyamba amatha kubwezedwa m'mbuyo ngati anapanikiza mnzake pothamangira mzerewo.

Wopalasa amene wangomaliza makilomita 200 amakhala wefuwefu, mutu suli pa inu. Msiyeni amwe madzi, ndipo pemphani kaye kwa woyang'anira atolankhani wa timu yake. Mukapeza mpata, funso likhale limodzi, lalifupi, losonyeza kuti munaonera. "Mukumva bwanji?" limabala yankho limene aliyense walimva kale. Mufunseni chifukwa chimene anathawira pa chitunda chachiwiri osadikira chomaliza. Jambulani mawu ake pafoni iye akudziwa, ndipo powalemba musawakometse. Musathamangire opambana okha. Amene anakoka gulu tsiku lonse kutchingira mtsogoleri wake mphepo, n'kufika mphindi 15 m'mbuyo, amakhala ndi nthawi yocheza komanso nkhani yabwino, chimodzimodzi makaniko ndi othandiza amene amaima m'njira ndi zikwama za zakudya.

Chachisanu ndi chinayi, nkhani yanuyanu

Masabata atatu kapena anayi akadutsa, mayina anu akutuluka olondola ndipo njinga zikubwerera zili bwino, mkonzi amayamba kukumverani. Imeneyo ndiyo nthawi yopereka maganizo a nkhani. Lembani ndime imodzi: nkhaniyo ndi yotani, bwanji ituluke tsopano, mudzacheza ndi ndani, zithunzi zichokera kuti, mawu angati, ndipo ikalowa m'chigawo chiti.

Musapikisane ndi anthu amene atsata Tour de France zaka 20 polemba za Pogačar. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kanu ndi zimene inu mukuzidziwa iwo asakuzidziwa. Maso a masewerawa ayamba kuyang'ana ku Africa. Mu Sepitembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa UCI wa pamsewu, koyamba mu Africa muno. Chaka chomwecho Kim Le Court wa ku Mauritius anapambana Liège-Bastogne-Liège ya amayi n'kuvalanso jezi yachikasu mu Tour de France Femmes. Akonzi akufuna olemba odziwa kontinentiyi kuchokera mkati.

Ndipo njinga si mpikisano wokha. Wowerenga wa ku London amene amadandaula ndi magalamu 200 pa njinga yake sanamvepo za wakabaza amene amanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga pa keliyala, giya imodzi, dzuwa lili pamutu. Sanaone makaniko wa pansi pa mtengo akuwongola limu ndi kumanga masipoko ndi maso okha. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, zimapezeka ku Malawi ndi ku Zambia ndipo keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Owerenga okonda zida angakondwe kudziwa chimene chimayamba kutha pa njinga yogwira ntchito yotero, ndi mmene amachikonzera.

Nkhani yotere muilembe ndi muyeso womwe uja wa nkhani ya Tour, osati ngati yomvetsa chisoni. Pitani pa siteji m'mawa, mupereke moni, mufotokoze chimene mwadzera ndi kumene nkhaniyo ikatuluke. "Achimwene, ndimafuna ndiyende nanu lero ndione ntchito yanu, nthawi imene nditakudyereni ndikulipirani," ndipo mkonzi adziwiretu za malipiro amenewo. Yezani mtunda wa tsiku lonse ndi foni, werengani maulendo, funsani kuti tayala lakumbuyo limatha miyezi ingati, tcheni amagula kuti ndipo pa mtengo wanji. Dzina lake alitchule yekha chilembo ndi chilembo, ndipo avomere kujambulidwa. Magaziniyo ikatuluka, kope limodzi likhale lake.

Sabata yomaliza

Bwezani chilichonse cha ofesi ndipo kaundula wa katundu woyesa mumusiye wolongosoka, woonetsa chimene chabwerera ndi chimene chikadali panja ndi kwa ndani. Lembani tsamba limodzi la wodzalowa m'malo mwanu: nkhani zimene zili pakati, zithunzi zimene mukudikira, anthu amene munawalonjeza kuwaimbira. Sungani makope a PDF a masamba onse okhala ndi dzina lanu, chifukwa zimenezo ndizo mudzatumize pofunsira ntchito ina.

Pemphani mphindi 15 kwa mkonzi masiku akadalipo, osati Lachisanu madzulo akuthamangira kosindikiza. Mufunseni chimodzi chimene muyenera kukonza pa kalembedwe kanu, ndipo mulembe yankho lake. Pemphani kalata ya umboni muli pomwepo. Kenaka funsani mmene amalipirira olemba apadera, pa liwu kapena pa nkhani, ndiponso invoisi imapita kwa ndani. Pa msonkhano umenewo mupite ndi maganizo a nkhani ziwiri olembedwa kale, imodzi ya kope la miyezi iwiri kutsogolo, ina ya nthawi ya Tour du Rwanda.